Chaka Chimene Ndinakupempha Chinali Changa

Ntengo-Wambalame, Lachitatu madzulo

Wokondedwa mwana wanga Felista,

Ndikulemba kalatayi iwe uli kotsazika anzako a kwaya, dzuwa lisanalowe, poti maso angawa sagwirizananso ndi nyali. Ndikanatha kukuuza pakamwa, koma ukundidziwa bambo ako. Ndikayamba nkhani yolemera ndimakathera pa za mvula ndi za mbozi za m'chimanga, iwe n'kudzuka kukatsuka mbale. Ndiye ndati ndilembe. Ndiyika m'chikwama chako pamwamba penipeni. Uiwerenge uli m'shapa, minibasi ikuyenda, usanafike ku Tete. Usadikire kuti ukaiwerengere kwa azakhali ako, chifukwa kumeneko aliyense adzakhala ndi maganizo ake okupatsa.

Mawa ukupita ku Tete, ndipo kumeneko njira zako zigawikana pawiri. Eskola ya ku Beira yakupatsa malo pa kurso ya jestau, ija ya kayendetsedwe ka malonda, ndipo matrikula, kulembetsa mayina kuja, akutseka sabata yamawa. Koma mtima wako unali ku Maputo, ku eskola ya dzina lalikulu, ndipo kumeneko anakusiya pang'ono pokha. Aprofesora ako, aphunzitsi aja, akuti ukalembanso ezame, mayeso olowera aja, chaka chamawa ukhoza kulowa. Choncho ukatsika ku Tete, mwina ukwera basi ya ku Beira, mwina ugula mabuku n'kubwerera kuno kudzawerenga chaka china. Lamulungu lapitali tikuchokera kutchalitchi unandifunsa kuti, “Ababa, inu mukuona bwanji?” Ine ndinakuyankha tisanadutse n'komwe pachitsime: “Dikira mwana wanga, chaka si kanthu.” Unaima, n'kundiyang'ana, unati, “Mwayankhatu ngati munali mutakonzeka kale.” Ndinaseka. Koma unanena zoona, ndinali nditakonzeka kale. Ndikulemba kuti ndibweze mawu amenewo, ndipo ndikuuze kumene anachokera.

Ndiyambe ndi chaka changa chodikira, poti nanenso ndinali nacho. Nditamaliza desima, kalasi ya khumi, ku Furancungo ndinali wamkulu kale, ndevu zitamera, chifukwa ife maphunziro tinayamba mochedwa. Anandiitana ku kurso ya zaulimi. Ine ndinakana. Ndinkafuna za chipatala, ndinkadziona nditavala zoyera, anthu akundipatsa njira pamsika. Ndinati ndidikira, ndidzalembanso. Ndinabwerera kwathu ku Chidzolomondo ndi katoni ya makadeno, makope anga olembamo, ndinaiika pamwamba pa thandala kuti chiswe chisaipeze. Mwezi woyamba ndinkawerenga m'mawa uliwonse. Kenaka agogo ako aamuna anati, “Yohane, poti uli pompano, tathirira nazale ya fodya, uwerenga masana.” Nazale itatha kunabwera kuwokera, kuwokera kutatha kupalira, kenaka kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa. Palibe amene anandiletsa kuwerenga, Felista. Aliyense ankangopempha tsiku limodzi. Tsiku lina ndinapeza amalume anga atakhala pakhonde akusuta fodya wopichira m'pepala lolembedwa ndi dzanja langa. Ndinaona chithunzi cha mtima wa munthu chimene ndinajambula ndekha chikupsa pang'onopang'ono kulowera kukamwa kwawo. Ndinati, “Amalume, imeneyotu ndi biyolojiya yanga.” Iwo anati, “Ndiye yabwinotu, siizima.” Nthawi ya ezame itafika sindinapite n'komwe kukalembetsa. Ndinati chaka chinacho. Kumbukira, mwana wanga, chaka chodikira pamudzi sichikhala chopanda kanthu. Anthu okukonda amachidzaza, ndipo amachidzaza ndi ntchito zabwino zimene sungazikane.

Koma ndisakunamize ngati kuti kudikira konse n'koipa, chifukwa ndinalakwitsaponso mbali inayo. Chaka chachiwiri nditalowa m'mudzi muno, mvula yoyamba itangogwa, ndinatenga mbewu yonse ya chimanga ndi ya nyemba kuthamangira kumunda. Malemu amayi ako anandiitana ndili pachipata: “A Mbewe, imeneyitu ndi yozimitsa lupsa chabe, nthaka sinakhute.” Ine ndinafuna kuti akuchikazi aone kuti mkamwini wawo si waulesi. Ndinabzala. Dzuwa linabwerera ngati lakwiya, mbewu inamera n'kupserera yonse. Tinakapempha ina kwa amalume ako a Zakariya, ine nditagwira chipewa m'manja, iwo akundifunsa ngati kwathu ku Macanga timabzala ndi mame. Chimene ndinaona chaka chimenecho n'chakuti amayi ako podikira sanakhale pansi. Mizere anali ataunga kale, mbewu atasankha, khasu atanola. Mvula yeniyeni itabwera iwo anangowerama n'kuyamba. Ngati usankha kudikira, Felista, udikire choncho. Ndipo usadzadikirire kuno. Ukhale ku Tete kwa azakhali ako, kumene kuli magetsi ndi anthu ophunzitsa madzulo, kumene palibe adzakuuze kuti tandigwirira mzere umodzi wokha. Ndikudziwa amene angayambe kukuuza zimenezo kuno. Ndi ine.

Pali china chimene sindinakuuzepo bwino, cha amayi ako. Iwo ankafuna kuona nyanja ya mchere. Anamva kwa mnzawo wina amene anakakhalako ku Beira kuti madzi ake amachoka m'mawa n'kubwerera okha madzulo, ndipo sanakhulupirire. Ankati, “Madzi angapite kuti? Ndikaone ndi maso anga.” Ine ndinkati tikakolola. Tikakolola ndinkati denga likudontha, tiyambe takonza. Chaka china ng'ombe inadwala. Chaka china iwe unali wakhanda. Tsiku lina tikusenda nyemba anandiuza akuseka kuti, “Inu a Mbewe munali ndi mkazi wina ine ndisanabwere, dzina lake Chakachamawa, ndipo ndiye mumamukonda.” Ndinaseka nawo. Sanafike ngakhale ku Tete, Felista, kufikira tsiku limene tinawatengera kuchipatala, ndipo tsiku limenelo anali chigonere, mlatho wa Zambezi sanauone. Usaganize kuti ndikukutuma ku Beira kukaona madzi m'malo mwawo, ayi, zimenezo n'zanga ndi Mulungu. Ndikungofuna udziwe kuti munthu amene anakuuza Lamulungu kuti chaka si kanthu ndi yemweyo amene anawauza amayi ako mawu omwewo mpaka mawuwo anatha ntchito.

Tsopano ndifike pamene pakundivuta. Iwe unabadwira muno, ndiye mwina sunaganizepo kuti bambo ako ndi mlendo. Ine ndine mkamwini. Nyumba ino ili pamalo a amayi ako, munda wa kachewere ndi wa mbumba ya a Zakariya, ngakhale mapichesi amene ndinabzala ndi manja anga ali panthaka ya eni. Amayi ako atatisiya, maliro atatha, akwanu anandisudzula monga mwa mwambo. Anandiuza pamaso pa anthu kuti ndine womasuka, ndikhoza kubwerera kwathu. Iwe unali wamng'ono, unali kuseri ndi ana anzako, sunamve. Pomwepo a Zakariya anaimirira n'kunena kuti, “Alamu asapite. Mwanayu ayambe wamaliza maphunziro ake pano, akadzachoka ndiye tidzakambirana.” Anthu anavomera. Kuyambira tsiku limenelo ine ndakhala m'mudzi muno chifukwa cha iwe. Palibe anandinyozapo, palibe anandiwerengera masiku, ndisawanamizire. Koma ine ndinkadziwa. Kalasi iliyonse imene unkakhoza ndinkakondwa ndi mtima wonse, kenaka ndikatsala ndekha ndinkamva ngati wina wasuntha mpando wanga kuyandikiza kukhomo.

Ndiye tsiku lija unabwera ndi telefoni m'manja, maso ali ofiira, n'kunena kuti ku Maputo dzina lako palibe, ine ndinakugwira paphewa, ndinakuuza kuti Mulungu ali ndi nthawi yake. Utalowa m'nyumba ndinapita kuseri kwa khola, ndipo kumeneko ndinathokoza. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kulephera kwa mwana wanga. Ndinaona chaka chathunthu chikubwerera m'manja mwanga: iwe ukuwerenga pakhonde, ine ndikubwera kumunda n'kupeza utsi ukutuluka kukhitchini, Lamulungu tikuyenda limodzi iwe ukundidzudzula kuti ndikuimba motsika. Uthenga wa ku Beira utabwera patapita masiku, iwe unalumpha, ine mtima unagwa. Pa mapemphero a m'mawa ndinaimirira pamaso pa mpingo n'kupempha kuti, “Abale, mupempherere Felista, Ambuye amutsogolere.” Anthu anapemphera ndi mtima woona. Ine pakamwa ndinkati amutsogolere, mumtima ndinkawauza Ambuye njira yoti amutsogolere nayo. Ndakhala ndikuphunzitsa ana a kalasi ya ubatizo kuti Mulungu sanamizidwa, ndipo taona zimene mphunzitsi wawo anachita. Ndalapa kwa Iye. Tsopano ndikulapa kwa iwe. Chaka chimene ndinakupempha Lamulungu lija sindinapemphere iwe ayi. Chinali changa. Undikhululukire, mwana wanga.

Lero m'mawa ndinaona kuti kulapa kwa pakamwa pokha sikukumasula. Ukanawerenga zonsezi n'kunena kuti, “Ndiye ndikhale, Ababa angachotsedwe.” Ndimakudziwa, unatengera amayi ako. Choncho ndinapita kwa a Zakariya. Ndinawapeza m'nkhokwe yawo ya kachewere akusankha mbewu ya kudimba, yomera maso uku, yofota uko. Ndinakhala pathumba, tinapatsana moni, tinakamba za mvula monga mwa nthawi zonse. Kenaka ndinati, “Alamu, mawu aja munanena pa kusudzula, nthawi yake yakwana. Ndikakolola ndikupita kwathu.”

Anasiya kusankha. Anati, “Wakuthamangitsani ndani? Mutchuleni ndimuone.”

Ndinati palibe.

Anati, “Nanga mwanayo wasankha kale? Ine ndamva kuti mwina abwerera kudzawerenga.”

Ndinati, “Abwerere, asabwerere, ine ndikupita. Ndikakhala pano asankha akundiyang'ana ine.”

Anatembenuza mbatata m'manja. Kenaka anati, “Inu alamu, zaka zonsezi mwangokhala ndi katundu womanga mumtima? Ife tinaiwala kalekale kuti munachokera kwina. Tinkangokumbukira pobzala, mukayamba kuthamangira mame.” Tinaseka, koma maso awo anali atanyowa, ndipo anga usafunse. Anandiumiriza kuti ndikhale, anati nyumba ndi yanga mpaka imfa. Ndikukhulupirira ananena zoona, ndipo mwina ndikanafunsa kale sindikanasenza mantha amenewa nthawi yonseyi. Kumeneko ndi kulakwa kwinanso, kuopa yankho mpaka osafunsa funso. Koma ndinawauza kuti mlongo wanga ku Chidzolomondo wakalamba, miyendo yatha, ndipo munda wa amayi athu wagonera zaka zambiri. Wakhala akundiitana, ine ndikumuyankha ndi mawu anga aja ukuwadziwa tsopano. Pomaliza a Zakariya anati, “Pitani mukaone, koma chitseko sitikhoma. Nyumba ndi munda ndi za Felista, tizisunga.” Za malipiro a eskola anabwerezanso zimene tinagwirizana kale, kuti mbumba yonse igwirapo, ndiye zimenezo usasenze.

Choncho taona, Felista, ndadzichotsa pa sikelo. Ukadikira, sudzandisunga muno. Ukapita, sunandithamangitse. Chatsala ndi iwe ndi funso lako.

Ndipo poti unandifunsa maganizo anga, ndikuyankhe kachiwiri, tsopano ndi mtima wosamba. Ine ndikuona kuti upite ku Beira. Ndikukumbukira chimene chinakuyambitsa kufuna maphunziro amenewa. Unali mu setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, pamene ogula a malole anabwera ndi matumba awo aja osokerera chisoti pamwamba, thumba limodzi lodya matumba awiri, mtengo wake wa limodzi. Ife akuluakulu tinangoyang'ana pansi monga timachitira chaka ndi chaka, poti kachewere sadikira, ukakana lero mawa wayamba kuola. Iwe unaima patsogolo pa mmodzi wa ogulawo, bambo wamimba uja, n'kumufunsa kuti, “Kodi ku Tete mukakagulitsanso ndi chisoti chomwechi?” Anthu anaseka, iye anakutcha kamwana kamwano, ine ndinakukoka dzanja ndi manyazi. Pobwerera unandiuza kuti udzaphunzira mpaka udzadziwe kumene mtengo umapangidwira, kuti alimi a kuno adzagulitse pamodzi, pa sikelo, osati pa maso. Ine sindinaphunzire zambiri, koma sindikuona kuti zimenezo zimaphunzitsidwa ku Maputo kokha. Dzifunse bwino m'shapamo: chimene ukufuna ku Maputo ndi maphunziro amene ku Beira kulibe, kapena ndi mmene dzinalo lidzamvekere anthu akamakufunsa? Ine ndinakana zaulimi chifukwa cha malaya oyera, ndipo ndathera m'munda momwemo wopanda pepala. Ngati yankho lako ndi maphunziro, ngati wafufuza ndipo ukudziwa chimene ukudikira, dikira, ndipo sindidzakunena ngakhale tsiku limodzi. Aprofesora ako amakudziwa m'kalasi kuposa ine, mawu awo usawataye. Koma uwafunse kuti mwa ana amene anawauza kudikira, angati anabwereradi kukalemba. Uwafunse mwaulemu, koma uwafunse.

Kulikonse kumene upite, kumbukira izi. Iwe ndiwe mwana wa kuphiri, thupi lako linazolowera chisanu cha kuno, kumunsi kuli kutentha ndi udzudzu umene sunauonepo. Neti ndaika pansi pa chikwama, uzigona m'menemo ngakhale anzako akuseke. Mutu ukayamba kuwawa usanene kuti ndi dzuwa, upite akakuyeze tsiku lomwelo. Ufune tchalitchi sabata yoyamba, osati yachiwiri, ndipo ukalowe kwaya, chifukwa munthu woimba sasowa omufunsa akadwala. Chizungu chako cha Chiputukezi n'chabwino, usachite manyazi akamaseka kalankhulidwe ka ku Tsangano. Ukapanda kumva m'kalasi, kweza dzanja. Unafunsa bambo wa lole uli kamtsikana, usakaope munthu wa choko. Anyamata a m'tauni amalankhula mokoma ndipo ena mwa iwo ndi abwino ndithu, koma amene adzakuuze kuti ujombe tsiku limodzi lokha, kumbukira nazale ya agogo ako. Ndipo usamandibisire zovuta poopa kuti ndidandaula. Ndidzadandaula ndithu, imeneyo ndi ntchito yanga, isiye kwa ine.

Uzindiimbira Lamulungu masana. Ndamva kuti kwathu netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha, ndiye ndizikaima pamenepo tikaweruka. Ukapeza telefoni yotseka usaganize zoipa, uyesenso sabata inayo.

Sindikudziwa mmene nyumba ino idzamvekere mawa madzulo. Ndayesa kuganiza, ndalephera. Miyezi yatsalayi ndidzakhala ndi zochita, kachewere akumbidwe, chimanga chilowe, ng'ombe ziwiri zija ndiziperekeze kwa a Zakariya. Ndidzapitanso kumanda kukawatsazika amayi ako, ndikawauze kuti ntchito imene anandisiyira ndafika nayo pamene ndikanatha. Usandimvere chisoni kwambiri. Munthu wobwerera kwawo sali pa tsoka. Kungoti ndinachokako ndili mnyamata wa njinga yobwereka, ndikubwerera ndi imvi, ndipo ambiri amene ankandidziwa ali m'nthaka.

Feriyasi yoyamba, eskola ikatsekera tchuthi, uyambe wafika kuno kwa amalume ako, ndi kwanu, adzakhala akukudikira. Koma ukapumula masiku angapo, ubwere. Kuchokera ku Tete ukwere shapa ya ku Furancungo, uwauze akutsitse pa Chidzolomondo. Msewu wake ndi wafumbi, uvale mpango kumutu. Ukatsika upeze wa njinga yamoto wachikulire, osati anyamata othamanga aja. Usafunse za a Mbewe, kumeneko a Mbewe ndi mudzi wonse, adzakuzunguza mpaka dzuwa kulowa. Unene kuti ukufuna kwa Yohane, mlongo wake wa Nasitaziya, uja anapita kuchikamwini ku Tsangano. Akuluakulu adzakumbukira. Kuno ndikadutsa ngakhale ana amati awo ndi bambo a Felista, ndipo dzina limenelo ndi limene ndakhala nalo bwino kuposa onse. Kumene ndikupitako palibe amene akulidziwa. Ubwere udzawauze.

Ambuye akutsogolere njira imene Iwo akufuna. Ulendo uno sindinawonjezepo kanthu.

Ndine bambo ako,
Yohane Mbewe